Makina a Chiponde a Amayi a ku Mgona

Aliyense amene anakhalako ku Area 25 zaka zimenezo amakumbukira fungo la fodya. Mphepo ikachokera ku Kanengo inkabwera nalo mpaka m'nyumba, n'kulowa m'makatani ndi m'zovala za pachingwe, moti mlendo ankayetsemula, eni malo osamvanso kanthu. Mafoni a m'manja anali a anthu owerengeka. Wofuna kuimbira wachibale ankapita pa telefoni byulo, n'kumakamba zamseri anthu a pamzere akumvetsera ndi kuthirapo ndemanga. Mipanda ya njerwa inali isanachuluke. Mayi akakazinga nyama, a nyumba yachitatu ankadziwa kuti kwa uje kwalandiridwa malipiro.

Zipora Malenga anali sajeni wofufuza milandu masiku amenewo. Lero anapuma ntchito, ndipo milandu yambiri inasokonekera m'mutu mwake, ya mbuzi, ya njinga, ya malire a mapuloti. Koma wa makina a chiponde, wa mu Okutobala 2005, amaukumbukira ngati wadzulo, chifukwa unamulanda mnzake.

Linali Loweruka m'mawa. Asanakhale n'komwe pansi, mkulu wake anamuitana.

"Kwa Mayi Kachiwanda ku 25 kwabedwa makina opera chiponde, aja a thandizo la azungu. Wakuba tamugwira kale dzulo, mayi wina wa ku Mgona. Chatsala n'kupeza katunduyo. Lolemba a bungwe lomwe linapereka makinawo akubwera kudzawaona, ndiye musatichititse manyazi."

Annette Kachiwanda sanali munthu wamba kwa Zipora. Onse awiri kwawo kunali ku Ntchisi, ankapemphera mpingo umodzi, ankaimba kwaya imodzi. Mwamuna wa Zipora atamwalira pa ngozi ya minibasi, Annette ndi amene anagona naye pamphasa ya maliro mpaka anthu onse atabalalika, kenaka n'kutenga ana ake awiri kukawasunga kwake kufikira mtima wa mayi wawo utakhala pansi.

Zipora anamupeza Annette pakhonde, atavala chitenje cha gulu lake la amayi lotchedwa Mtedza Wathu. Maso anali ofiira.

"Akutumani inu, achemwali? Mulungu ndi wabwino. Tiyeni mudzaone zimene andichita anthu amene ndinkawathandiza."

Kuseri kwa nyumba kunali kanyumba ka chipinda chimodzi. Loko anali lende pachitseko, atathyoledwa. Mkati munali ziguduli zochepa pakona, ndipo pakati pa simenti panali mabowo anayi momwe munali mabawuti ogwira makinawo.

"Munali kuti dzulo?" anafunsa Zipora.

"Ku wekishopu ku City Centre, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kafunseni, ndinalankhula pamaso pa gulu lonse. Abambo ali kumunda ku Kasungu. Sophie, mtsikana wanga wantchito uja, ndinamutuma kumudzi kukaona amayi ake. Pobwera ndapeza izi."

"Nanga mayi wa ku Mgonayu mukumuganizira chifukwa chiyani?"

"Abiti Jafali? Sabata yatha anabwera pageti pompa n'kumakuwa kuti makinawa ndi awo. Msewu wonse unamva. You know, Zipora, anthu awa ndinawatola ine pafumbi, n'kuwaika mu pulojekiti. Pulopozo yopempha thandizoli ndinalemba ndekha, m'Chingerezi chimene azungu anachita kuombera m'manja. Lero wakuba ndakhala ine."

Zipora ananjuta n'kupisa chala m'bowo limodzi. Chinatuluka ndi fumbi louma ndi ulusi wa kangaude. Anakoka mpweya. Kanyumbako kankanunkha simenti ndi palafini. Iye anakulira m'mudzi wa alimi a mtedza, ndipo ankadziwa kuti fungo la mtedza wokazinga silichoka msanga, limakakamira m'makoma ngati mwaye wa m'khitchini.

"Munapera liti komaliza?"

"Lachitatu," anayankha Annette osaphethira.

Panja, pafumbi, panali mzere wa tayala la wilibala, kuchokera pachitseko cha kanyumbako mpaka pageti. Zipora anauyang'ana nthawi yaitali. Unali wosazama, ngati wosiyidwa ndi ana posewera.

* * *

Amene anaona akubawo anali a Laws Mhango, nkhalamba yolondera ndi kusamalira maluwa panyumba yoyandikana. Anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo ankayankha funso lililonse ataima njo ngati ali paperete.

"Yesi madamu! Ndinawaona ndi maso awa. Dzuwa lili paliwombo, azimayi awiri, mipango yakuda kumutu mpaka m'khosi, pankhope kungotsala maso ndi mphuno. Asilamu, madamu. A ku Mgona."

"Mwadziwa bwanji kuti ndi a ku Mgona?"

"Ananena okha. Sindinawafunse n'komwe. Akuti, 'Agogo, ife ndife a ku Mgona, tabwera kudzatenga makina athu.' Ine n'kuti zanu izo, ine ndimalondera kuno, osati uko."

"Makinawo munawaona?"

"Anafunditsa chiguduli. Koma madamu, pali chimene chikundizunguza mutu. Tsiku limene makina aja anabwera chaka chatha, ine ndinathandiza nawo kutsitsa. Tinalipo amuna gulu, dalaivala yemwe, koma msana uwu mpaka lero umandikumbutsa. Ndiye dzulo mzimayi mmodzi akukankha wilibala osatuluka thukuta, mnzake akungoyenda pambali manja ali lende. Ndinati kaya, mwina akazi a masiku ano amadya zina."

Zipora anamwetulira. "Palibe china chimene anachita?"

"Palibe. Anangopempha madzi. Kunatentha dzulo, madamu, ngati pansi pa mgodi. Ndinawatungira pampopi m'kapu yangayi. Wamtali anamwa kawiri, wamfupi kamodzi. Anathokoza bwino, ana aulemu. Basi, anakhotera uko."

Tsidya la msewu, pansi pa jakaranda amene anali atayala maluwa ake pabwalo ponse, panali telefoni byulo ya Irene: tebulo, ambulera, foni ya waya wotulukira pawindo, ndi firiji yakale pakhonde yogulitsiramo zakumwa. Irene anali mtsikana wolankhula ngati wailesi, ndipo nkhani za msewu wonsewo zinkadutsa patebulo pake.

"Ine sisi za eni sindikamba, mukundidziwa," anatero akumukokera mpando. "Dzulo masana ndinathamangira ku depoti kukaoda zakumwa, ndiye sindinaone kanthu. Koma kunena zoona, makina amenewo kaya abedwa kaya atani, ine sindilira nawo. Anatsala pang'ono kundiphera firiji! Akangowayatsa chonchi, magetsi msewu wonse kuphethira, babu kufiira ngati kandulo, wailesi zii. Tinadandaula mpaka kutopa. Mwayi wake anasiya okha."

"Anasiya liti?"

"Kalekale. Nthawi yozizira ija, tikuvala majuzi. Kuyambira pamenepo magetsi ali bho, osaphethira olo kamodzi."

"Lachitatu lapitali sanapere?"

"Lachitatu? Mayazi! Ndinali pompano tsiku lonse, firiji ikungolira osadukiza."

Zipora anatembenuka n'kuyang'ana geti la mnzake tsidya lija. Annette anali ataima pakhonde, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa, akuyang'ananso kuno. Anakweza dzanja. Zipora naye anakweza lake, koma linamulemera.

* * *

Abiti Jafali anali mayi wochepa thupi, wa imvi zoyamba kumene, zala zake zofiirira ndi makoko a mtedza. Kwawo kunali ku Machinga. Anabwera ku Lilongwe kutsatira mwamuna wake amene anapeza ntchito yonyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Mwamunayo anamwalira, iye n'kutsala ku Mgona akusankha mtedza wa mavenda pamsika. Chichewa chake chinali cha lilime la Chiyao. Pofuna kunena zikomo ankati sikomo.

Zipora anamutulutsa m'chitolokosi n'kumukhazika mu ofesi.

"Amayi, mukuti makinawo ndi anu. Anakhala bwanji anu?"

"Ndi mmene anatiuzira, bwana. Chaka chatha mayi aja anabwera pamsika, akuti azungu akufuna kuthandiza amayi osauka a mitundu yoiwalika. Ine mpaka lero sindidziwa kuti anatiiwala ndani. Anatitengera minibasi, anativeka zitenje zofanana, anatipatsa zakumwa ndi mabanzi. Akuti mumange mipango yanu bwinobwino, azungu aione. Tinaimba, tinavina, anatijambula. Mzungu wamkazi anagwetsa misozi, n'kundigwira dzanja. Iwo ankafunsa m'Chingerezi, mayi aja n'kumatiyankhira. Potsiriza akuti, makina anu akubwera."

"Ndiye?"

"Ndiye zitenje anatilanda pokwera minibasi, akuti n'za gulu." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Makina sitinawaone. Tikafunsa, akuti mapepala sanathe. Masiku apitawa mwana wanga anapita ndi khanda kuchipatala, anakapeza nkhope yanga pakalendala pakhoma, ndikuseka, pambali panga makina. M'pamene ndinapita pageti paja. Kukuwa ndinakuwadi, sindikana. Koma kuba, ngwamba. Ndikawaika pati? Kwathu kulibe magetsi. Chitseko cha nyumba yanga, mbuzi yonenepa imalowa chammbali."

"Bwanji simunakapemphe nokha thandizo ku bungweko?"

"Tinapitako kale, ife amayi a kumzikiti. Tinasamba, tinavala zabwino. Mlonda wa pageti anatiuza kuti pamafunika buku la kubanki, satifiketi ya boma, ndi kalata ya Chingerezi. Tinabwerera pageti pomwepo. Mkati mwa ofesi imeneyo ndinalowamo pachithunzi pokha."

Kunja kunkatentha, malata akuthetheka. Milomo ya mayiyo inali youma, yong'aluka. Zipora anathira madzi m'kapu n'kumupatsa.

"Sikomo, bwana, koma ayi. Tili m'mwezi wa Ramadani. Mpaka dzuwa lilowe."

"Ngakhale madzi?"

"Ngakhale dontho."

"Amayi anzanu onse akusala?"

"Kupatula odwala ndi oyamwitsa. Koma ngakhale iwowo sangamwe pamsewu anthu akuona. N'zamanyazi zimenezo."

Zipora anaika kapuyo patebulo pang'onopang'ono. Mawu a nkhalamba ija anamubwerera m'makutu. Wamtali anamwa kawiri, wamfupi kamodzi, dzuwa lili paliwombo. Azimayi amenewo anavala mipango, anatchula Mgona osafunsidwa, koma panali chinthu chimodzi chimene wowatuma sanachidziwe, monga mmene Zipora naye sankachidziwira mpaka mphindi imeneyo.

"Khalani mu ofesi muno, amayi," anatero akuimirira. "M'chitolokosi simubwereranso ine ndisanafike."

* * *

Msika wa mtedza wa ku Mgona masiku amenewo unali ndi kukongola kwake. Matumba ankasanjikizana ngati zipupa, malole ochokera m'maiko akutali atandanda m'mbali mwa njira, fumbi lofiira lili tolo. Pakati pa zonsezo amayi ankakhala m'mizere, miyendo tambalale, malichero pamiyendo, zala zikuthamanga kuchotsa mtedza wowola ndi wonyala, pakamwa pali nyimbo. Zipora atafika limodzi ndi wapolisi wa yunifolomu amene anamutenga kuti amuperekeze, nyimbo inadukira pakati.

Amene analimba mtima kulankhula anali mayi wina wamtali dzina lake Dunia. Sanaimirire, ndipo zala zake sizinasiye ntchito.

"Mwabwera kudzatenga wina? Tengani tonse, tikasankhire komweko."

"Ndabwera kudzafunsa. Abiti Jafali dzulo masana anali kuti?"

"Apo, pomwe mwaimapo. Kuyambira m'mawa mpaka atabwera anzanu kudzamukoka ngati thumba. Akanachoka bwanji? Tinali ndi ntchito ya abwana a ku Chilinde, ankafuna matumba awo madzulo."

"Abwana ake ati?"

"Aja a pikapu yobiriwira. Amabwera sabata iliyonse, amafuna wosankha bwino, wopanda wowola ngakhale umodzi. Akuti ngwa chiponde."

"Anayamba liti kugula?"

"Nthawi yozizira. Kale sitinkawadziwa." Dunia anatembenukira mnzake. "Paja dzina lawo ndani?"

"A Gilford," anayankha mnzakeyo.

Kwa Zipora dzinalo silinali lachilendo. Gilford ankamudziwa bwino. Pa ukwati wake ku Chilinde, iye ndi amene anatakasa mpunga m'chimphika chachikulu, akuseka ndi kutsokomola utsi limodzi ndi mlongo wake wa mkwatiyo, Annette.

Anayang'ana amayi aja, misana yowerama, mipango yodzaza fumbi. Miyezi yonseyi ankagwira ganyu wosankha mtedza wokapera m'makina amene anabwera m'dzina lawo. Sanawauze kanthu. Anangothokoza n'kuthamangira minibasi.

Ku Chilinde anapeza kuti Gilford anasamuka m'nyumba yakale ija. Zipora sanafune kufunsa dzina lake pamsika, podziwa kuti mbiri ya apolisi imathamanga kuposa apolisi eni ake. Anasiya mnzake wa yunifolomu uja pasiteji, iye n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa timagolosale, maso ali pa mababu. Anakhala pabenchi ya malo ometera, ngati akudikira munthu. Sanadikire nthawi yaitali. Babu ya mkati inaphethira n'kufiira, nyimbo ya pakaseti inakoka mawu ngati munthu woledzera, ndipo makina ometera anaima pakati pa mutu wa kasitomala.

"Ayambanso a chiponde aja!" anakuwa wometa uja akumenya makinawo pachikhatho. "Tsiku lina ndidzawatumizira anthu onse a mitu yometa theka kuti akadye kwawo."

"Ali kuti a chipondewo, achimwene? Ndikufuna ndigulireko ana."

"Kuseri kwa chigayo chakale, geti lofiira. Tsatani phokoso, mayi, simusochera."

Phokoso analitsatadi, koma fungo ndi limene linamufikira poyamba, fungo lija linasowa m'kanyumba ka ku 25. Geti linali losakhoma. Pabwalo panali wilibala, chiguduli chili momwemo. Pachingwe panayanikidwa mipango iwiri yakuda, yatsopano. M'galaja makina ankalira, obiriwira, aakulu ngati ng'ombe yogona, pambali pake pali chipsera pomwe anapalapo chizindikiro cha bungwe. Azimayi awiri ankathira chiponde m'mabotolo. Wamfupi anali Pauline, mkazi wa Gilford. Wamtali anatembenuka, n'kuona Zipora, botolo n'kumupulumuka.

"Sophie," anatero Zipora modekha, "kumudzi kuja anakutuma amayi ndi kuno?"

Mtsikanayo anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira.

"Amayi anati ndi sewero chabe, anti. Anati palibe amene amangidwe. M'wilibala munali mbaula ndi makatoni. Anati tingowauza agogo aja kuti ndife a ku Mgona, basi, a Gilford akatidikira pakona. Ine sindinkadziwa kuti akagwira munthu."

Pauline anapita kukazimitsa makina. Phokoso litatha, kutali kuja kaseti ya kometera inayambiranso kuimba bwino.

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene Zipora anafikanso ku 25. Annette anali pakhonde akusita yunifolomu yake ya kutchalitchi, bulauzi yoyera ija imene onse awiri anasoketsa kwa telala mmodzi.

"Makina ndawapeza, achemwali."

Annette anaimika simbi. Sanafunse kuti kuti. Anayang'ana bulauzi ija kanthawi.

"Khalani pansi, ndikupangireni tiyi."

"Sindikhala."

"Zipora, tamverani. Makina aja akanapita ku Mgona akanachita dzimbiri. Kulibe magetsi. Ndani mwa iwo akanalemba lipoti? Ndani akanatsegula akaunti? A bungwe amazidziwa zimenezi. Pakalendala amafuna nkhope za amayi aja, koma patebulo amafuna munthu ngati ine. Malamulo amenewo sindinapange ndine. M'tauni muno alipo angati amene analandira thandizo osabwereka amphawi a eni? Poyamba ndinkafunadi kuwaitana, Mulungu ndi mboni. Kenaka Gilford ntchito inamuthera, ana ake ali pasukulu. Ndinati angogwiritsako miyezi yochepa."

"Mwina zina mwa zimenezo n'zoona. Koma mayi uja wagona pasimenti, atasala tsiku lonse, chifukwa cha mipango imene munagula inu."

"Ndinachita mantha!" anatero Annette. "Kwabwera mtsikana watsopano ku bungweko, Eva. Akuti akufuna kuona makina ndi maso ake, ndi kulankhula ndi amayiwo payekha, ine kulibe. Gilford anakana kubweza, akuti ali ndi maoda a m'magolosale. Ndikanatani? Ndinkati Lolemba lingodutsa, ndipita ndekha kupolisi kukathetsa mlandu, mayiyo atuluke."

"Atuluke ali wakuba pamaso pa Mgona yense. Ndi bungwe lomwe."

Annette anakhala pampando. Anayang'ana mnzakeyo m'maso, ndipo analankhula motsitsa.

"Ine ndinakusungirani ana, Zipora."

Tsidya lija Irene anali atasiya foni ikulira, khosi lili totolo. A Laws ankathirira duwa limodzi lomwelo, madzi akusefukira. Zipora anatembenukira mnzakeyo.

"Munandisungiradi. Sindidzaiwala mpaka kufa. Tengani chitenje china, achemwali. Kumene tikupitaku pasimenti pamazizira."

* * *

Abiti Jafali anatulutsidwa madzulo omwewo. Lolemba, galimoto yoyera ya bungwe sinapite ku 25. Inakhotera ku Mgona, Zipora ali momwemo kulondolera njira.

Eva anali mtsikana wa magalasi, wongomaliza kumene maphunziro, wolankhula mosamala ngati akuopa kuponda mazira. Amayi anamuyalira chiguduli, iye n'kukhala pansi pakati pawo. Anapepesa m'dzina la bungwe. Anafotokoza kuti makina akhala kupolisi mpaka mlandu utatha, kenaka aperekedwa kwa eni ake, ndipo ayesetsa kupempha kuti magetsi afike.

Abiti anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anafunsa:

"Kodi mwanangu, anakuuzani ndani kuti ife tikufuna makina?"

Eva anayankha: "Zinalembedwa mu pulopozo, amayi."

"Eya."

Eva anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi.

"Nanga mukanafunsidwa, mukanapempha chiyani?"

Amayi anayang'anana. Wina ananong'ona, wina n'kumutsutsa, ndipo posakhalitsa panabuka mtsutso wa Chiyao chokhachokha, manja ali m'mwamba, malichero ataikidwa pansi. Eva sankamva, Zipora sankamva, ndipo palibe amene anavutika kuwamasulira. Anadikira. Mthunzi wa matumba unasuntha, dalaivala wa galimoto anagona pachiwongolero. Pomaliza Dunia anakweza dzanja, onse n'kukhala chete, Abiti n'kulankhula.

"Sikelo."

"Sikelo?"

"Yathuyathu, yokoleka ija. Mavenda amatilipira pathumba. Amati thumba ili ndi la makilogalamu fifite, koma msana umatiuza zina. Amadinda mtedza ndi mwendo, n'kusokerera chiguduli china pamwamba. Sikelo ndi yawo, wowerenga ndi iwo. Tikakhala ndi yathu, azitilipira pakulemera kwake."

Eva anatsala pang'ono kuseka, poganiza za mtengo wa makina aja ndi mtengo wa sikelo. Koma atayang'ana nkhope zija, kusekako kunathera m'kamwa.

"Chachiwiri," anawonjezera Dunia, "mukabwerera, mukamuuze mlonda wanu uja kuti tikadzabweranso adzatitsegulire."

Sikeloyo inatenga nthawi kuposa mmene makina anatengera. Bungwe linali ndi njira yoperekera chinthu chodula kwa munthu wa akaunti, koma linalibe njira yoperekera chinthu chotchipa kwa amayi opanda mapepala. Eva analimbana ndi mabwana ake m'misonkhano, mpaka anavomera kuti magulu otere azipempha ndi pakamwa, m'chilankhulo chawo, ogwira ntchito a bungwe azipita komweko kukamva. Makina aja amayi a ku Mgona anagwirizana zowabwereketsa kwa gulu lina la amayi a kumene kuli magetsi, pa pangano loti mtedza azigula kwa iwo.

Annette ndi mlongo wake khoti linawalamula chindapusa n'kuwapatsa chilango choti akasenzere kunyumba. Kutchalitchi Annette anasamukira benchi ina. Akakumana pakhomo ankayang'ana kumbali, ndipo patapita nthawi banja lonse linasamukira ku Kasungu. Zipora anapitiriza kuimba kwaya, koma kumanzere kwake kunali mpata umene mawu a wina aliyense sanaukwane. Sanadandaulepo za mmene anagwirira mlanduwo. Mnzakeyo ankangomusowa basi.

Tsiku lolandira sikelo amayi a ku Mgona anamuitana Zipora. Munali m'nyengo ya mtedza watsopano, kumwamba kuli mbee. Anaikoleka panthambi ya mtengo wa mango m'mphepete mwa msika, yonyezimira, ya nkhope yozungulira ngati wotchi. Amayi anayamba kukangana kuti thumba loyamba likhale la yani, koma Abiti sanadikire. Anatenga kamdzukulu kake, n'kukaika m'chitenje, n'kukoleka pa ngowe monga amachitira kuchipatala. Khandalo linalira mokweza, miyendo ikupalasa. Abiti anatsinzina diso limodzi, anatsata muvi ndi chala, n'kutchula nambala yekha. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Kenaka anakoleka thumba la venda wina amene ankaonerera manja ali m'thumba. Muvi unafika pa fifite, unadutsa, unapitirirabe, n'kukaima kutali.

Vendayo anakanda kumutu. "Aaa, amayi, sikelo ikakhala yatsopano imanama."

"Chabwino, achimwene," anatero Abiti akupukuta manja. "Tidikira ikalambe. Mtedza wanunso udikire."

Ndipo amayi onse, mzere wonse mpaka kumapeto, anaika malichero pansi n'kupinda manja.